Kodi Mahatchi Ozungulira Amene Ana Amakwera Anayamba Bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa sukulu ya mkaka ku Chinamwali kuno ku Zomba. Pa tchuthi chapitachi ana ena a m'kalasi mwanga anapita ndi makolo awo ku Blantyre, kumene anakakwera katungwe wozungulira uja wokhala ndi mahatchi, ndipo chibwerereni sakundipumitsa ndi mafunso. Kodi anayambitsa chinthu chimenechi ndani? Nanga n'chifukwa chiyani pamakhala mahatchi, ndipo chimawachititsa kukwera ndi kutsika n'chiyani? Mphunzitsi, Chinamwali.

YANKHO: Aphunzitsi, tathokoza chifukwa cha funso lanu. Katungwe ameneyu, amene Angerezi amati merry-go-round kapena carousel, sanapangidwe ndi munthu mmodzi, ndipo poyamba sanali wa ana n'komwe. Gwero lake ndi masewera a asilikali ndi mafumu a ku Ulaya, m'nthawi imene nkhondo inkamenyedwa pamsana pa hatchi. Pa masewera ena otchuka ankapachika mphete yaing'ono pamtengo, ndipo wokwera hatchi ankabwera ali pa liwiro la mtondo wadooka n'kuyesa kulowetsa nsonga ya mkondo wake m'mpheteyo. Mu June 1662 mfumu Louis XIV ya ku France inachititsa chionetsero chachikulu cha okwera mahatchi mumzinda wa Paris pokondwerera kubadwa kwa mwana wake wamwamuna, ndipo bwalo limene anachitirapo limatchedwa Place du Carrousel mpaka lero.

Kuti anyamata aphunzire luso lobaya mphete popanda kutopetsa mahatchi enieni, amisiri anasema mahatchi a matabwa n'kuwalendewetsa ku mitanda yotuluka pa mzati wapakati, ndipo munthu kapena chiweto chinkazungulitsa mzatiwo. Chifukwa chake cha mahatchi n'chimenechi. Posakhalitsa anthu wamba anaona kuti kuzungulirako pakokha n'kosangalatsa ngakhale popanda mkondo, motero katungweyu anayamba kupezeka pa misika ndi pa zikondwerero. Wina wakale kwambiri amene adakalipo ali ku Wilhelmsbad, mumzinda wa Hanau ku Germany. Anamalizidwa mu 1780, ndipo anthu ndi ziweto zomuzungulitsa zinkagwira ntchito kunsi kwake, kosaonekera kwa olemera amene ankasangalala pamwamba.

Zinthu zinasintha kwambiri itabwera injini ya nthunzi. Mu 1861 Thomas Bradshaw anaonetsa katungwe woyendera nthunzi ku Bolton, ku England, koma dzina limene ndikufuna kuti ana anu alimve ndi la Frederick Savage wa m'tauni ya King's Lynn. Iyeyu anali mmisiri wopanga ndi kukonza makina a ulimi, ndipo ataona kuti eni akatungwe akufuna mphamvu yoposa ya munthu ndi bulu, anayamba kuwapangira akatungwe okhala ndi injini pakati. Popeza injini inkatha kukoka katundu wolemera, mahatchi anakula, mizere yawo inafika itatu kapena inayi, ndipo panawonjezeka limba lodziimba lokha limene mawu ake ankamveka kutali n'kumaitana anthu.

Kukwera ndi kutsika kumene ana akufunsako kunadza m'nyengo yomweyi, ndipo chinsinsi chake chili kudenga. Mukadzapita nawo ulendo wina, auzeni ayang'ane m'mwamba. Adzaona kuti ndodo yonyezimira imene yabowola hatchi iliyonse yakoledwa ku chitsulo chopingasa chokhala ndi mokhota. Katungwe akamazungulira, magiya a pa mzati wapakati amatembenuza chitsulocho, ndipo pokhota paja pamapita m'mwamba n'kubwerera pansi monga mmene chopondera cha njinga ya kabaza chimachitira, n'kumanyamula hatchiyo. Masiku ano injini ya nthunzi inalowedwa m'malo ndi mota ya magetsi, koma nzeru ya chitsulo chokhotacho sinasinthe.

Ku America ntchitoyi inakula m'manja mwa amisiri osema ochokera ku Ulaya. Gustav Dentzel, wobadwira ku Germany, anali ndi malo ake osemera ku Philadelphia, pamene Charles Looff anamanga katungwe woyamba wa ku Coney Island, mumzinda wa New York, mu 1876. Amisiriwa sanalekere pa mahatchi okha. Anasemanso mikango, akadyamsonga, nthiwatiwa, akalulu ndi nkhumba, ndipo mbali ya nyama yoyang'ana kunja, imene anthu oimirira amaiona, ankaikongoletsa ndi maluwa ndi timagalasi kuposa mbali yam'kati. Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti akatungwe a ku Britain amazungulira motsata mivi ya wotchi, zimene zimachititsa kuti wokwera afikire hatchi kumanzere kwake monga amachitira okwera mahatchi enieni, pamene a ku America amazungulira mobwerera, dzanja lamanja la wokwera lili kunja. Pa akatungwe ambiri a kumeneko dzanjalo linali ndi ntchito, chifukwa wokwera ankalitambasula kuti atsomphole mphete yopachikidwa pambali, ndipo wopeza ya mkuwa ankakweranso ulere. Mphete ya asilikali ija inali itasanduka ya ana. Mavuto a zachuma amene anayamba mu 1929 anagwetsa ntchito yosemayi, ndipo mahatchi ambiri a masiku ano amaumbidwa m'chikombole.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene sindingaidumphe. Kwa zaka zambiri malo ena achisangalalo ku America sankalola ana akuda kukwera nawo. Malo otchedwa Gwynn Oak ku Baltimore anatsegula zipata zake kwa anthu a mitundu yonse pa 28 August 1963, tsiku lomwe Martin Luther King, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, analankhula pa msonkhano waukulu ku Washington, ndipo mwana wakuda woyamba kukwera katungwe wa pamenepo anali Sharon Langley, wakhanda wa miyezi 11. Patapita zaka katungweyo anasamutsidwira pa bwalo la National Mall ku Washington.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti mwana wa ku Chinamwali, Matawale kapena Sadzi ayenera kuyenda ulendo wa ku Blantyre kuti alawe chisangalalo chimene anachikometsa anali mmisiri wa makina a ulimi ndi anthu osema matabwa. Zomba ili ndi amisiri owotcherera zitsulo, ilinso ndi osema ziboliboli amene amagulitsa ntchito ya manja awo kwa alendo okwera phiri. Katungwe wamng'ono wokankha ndi manja safuna magetsi, amangofuna mzati wokwiriridwa m'simenti yolimba ndi mmisiri wosamala, ndipo palibe choletsa kuti pamipando pake pakhale mvuu, njovu ndi mbidzi za ku Liwonde. Makomiti a sukulu ndi mipingo angathe kuiganizira nkhaniyi.

Pakadali pano, makolo opita ndi ana kumalo oterewa akumbukire kuti hatchi ya mzere wakunja imathamanga kuposa yam'kati, chifukwa imayenda mtunda wautali pa nthawi yofanana. Mwana wamng'ono akwezedwe mzere wam'kati, amangidwe lamba ngati alipo, wamkulu aime pambali pake, ndipo asatsike mpaka katungwe ataima nji.