Yankho: Big Bad Voodoo Daddy idakalipo

Achimwene, mwafunsa ngati gulu la Big Bad Voodoo Daddy likuimbabe komanso ngati shoo yawo ndi yoti munthu n'kulipira. Eya, likuimbabe.

Anayambira ku Ventura, California, motsogozedwa ndi Scotty Morris, yemwe amaimba ndi kuliza gitala. Chinawatchukitsa ndi kuimba Lachitatu lililonse usiku ku kalabu ya The Derby ku Los Angeles, kenako kuonekera m'filimu ya Swingers mu 1996. Mu Januware 1999 anaimba pa nthawi yopuma ya Super Bowl, masewero omaliza a ligi ya mpira wachimereka, ku Miami limodzi ndi Stevie Wonder ndi Gloria Estefan. Swing, mtundu wa jazi yovinira imene iwo amaimba, itatsika kutchuka, magulu ambiri anazimiririka, koma iwowa sanasiye kuyenda. Mu 2009 anatulutsa chimbale cholemekeza Cab Calloway, katswiri wakale woimba jazi.

Za shoo, ine ndimati zimbale zawo sizifika n'komwe. Amatulukira atavala masuti ndi zipewa ngati za m'ma 1940, malipenga ndi masakisofoni n'kumalira mosinthana mpaka thukuta kamukamu. Holo ya mipando yokhayokha imawapondereza. Mukamagula tikiti, funsani kaye ngati pali malo ovinira.