Kodi aphunzitsi a ku England amaphunzitsidwa kuti athandize ana obwera kumene?

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England andilembera kalata. Akuti mwana wawo wa zaka 10, amene anachoka ku Malawi zaka ziwiri zapitazo, amacheza m'Chingerezi ndi anzake popanda vuto, koma akafika pa sayansi mayeso amamukanika, moti tsopano aikidwa m'gulu la ana ochedwa kumva. Akufunsa ngati aphunzitsiwo anaphunzirapo n'komwe za ana otere.

Mayi, zimenezi zimadalira sukulu, ndipo n'zimene zimandiwawa mumtima. M'sukulu za boma ku England, pafupifupi mwana mmodzi mwa asanu alionse amalembedwa kuti ndi wa EAL, kutanthauza kuti kwawo kumayankhulidwa chinenero china. Kale kunali thumba lapadera lothandizira ana amenewa, lotchedwa EMAG, koma mu 2011 boma linaliphatikiza ndi ndalama zina za sukulu, ndipo makhonsolo ambiri anachepetsa kapena kuthetseratu magulu a akatswiri amene ankayendera aphunzitsi. Lero mphunzitsi wamkulu ndiye amasankha yekha ngati antchito ake apite ku maphunziro a mabungwe monga Bell Foundation ndi NALDIC.

Chimene mphunzitsi wosasulidwa sachidziwa ndi chimene Jim Cummins wa ku yunivesite ya Toronto anafotokoza kalekale: mwana amatola Chingerezi cha pabwalo lamasewera m'zaka pafupifupi ziwiri, koma cha m'mabuku, chofotokozera chifukwa chimene madzi amasandukira nthunzi, chimatenga zaka zisanu kufikira zisanu ndi ziwiri. Mphunzitsi akamva mwana akuyankhula mosadodoma amaganiza kuti chinenero chatha, ndiye akaona mayankho osalongosoka amaweruza nzeru za mwanayo. N'chifukwa chake sindikhulupirira msonkhano wosula aphunzitsi wa tsiku limodzi. Kusula kwenikweni n'kwakuti mphunzitsi wa sayansi yemweyo akonze phunziro limodzi ndi katswiri wa chinenero, asankhiretu mawu ovuta, awonedwe akuphunzitsa, kenaka akambirane, teremu ndi teremu.

Mukapita kukakumana ndi aphunzitsi, funsani kuti amene amayang'anira za EAL pasukulupo ndani, komanso ngati Chingerezi cha mwana wanu anachiyeza, ndi kuti chili pa mlingo uti mwa milingo isanu, kuyambira A (wongoyamba kumene) mpaka E (wochidziwa bwino). Ndipo wina akakuuzani kuti musiye Chichewa kunyumba, mukane mwaulemu, pakuti zimene mwana wamvetsa bwino m'chinenero cha amayi ake savutika kuzisamutsira m'Chingerezi.