Lole yomwaza mchere ya ku England: kodi kamota kogwedeza kali ndi ntchito pamunda?

Funso lalikulu sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Bembeke, m'boma la Dedza. Alemba motere: "Alangizi, mwana wanga amene ali ku England adatitumizira lole yakale imene inkamwaza mchere m'misewu nthawi yozizira. Ili ndi bokosi lalikulu lopanikizika kunsi, lamba pansi pake, ndi mbale yozungulira kumbuyo. Pambali pa bokosilo pali kamota kamene tikayatsa bokosi lonse limanjenjemera. Mu Disembala tidafuna kumwaza laimu koma adakana kutsika. Tidayatsa kamotako kuyambira pakhomo mpaka kumunda, osathandiza, mpaka anyamata adachita kumenya bokosi ndi hamala. Kodi tikachotse n'kukagulitsa, poti kuno kulibe chipale chofewa?"

Bambo, ndiyambe ndi hamalayo. Mwana wanu adalipira sitima, msonkho ndi mafuta kuti loleyo ifike pakhomo panu, inu n'kumalola anyamata kuiswa ngati akuphwanya miyala? Hamala iliyonse imasiya chibowo cholowa mkati pa chitsulo, ndipo pamenepo m'pamene laimu amakamatirira ulendo wotsatira. Mawa mudzamenyanso kwambiri kuposa lero. Auzeni aleke.

Cholakwa chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyamba, ndipo ndikutsimikiza kuti n'chimene chidakugwetsani. Mudayatsa kamotako chitseko cha kumbuyo chili chotseka, lamba ataima, lole ikuyenda. Mukudziwa zimene wogula chimanga amachita ndi ndowa pamsika: amaigwedeza kuti chimanga chitsendereke, malo apezeke othira china. Ndi zimenezo mudachita ndi laimu wanu njira yonse. Pofika kumunda anali atagwirana kale, wolimba gwa. Kamota kameneka, kamene azungu amati vibrator, kamathandiza katundu amene ali ndi kotulukira. Chitseko chikakhala chotseka, kamagwira ntchito yotsendera.

Mkati mwake mulibe zodabwitsa. Ndi mota wa magetsi a batire amene amazunguza chitsulo cholemera mbali imodzi. Chitsulocho chikamazungulira mofulumira chimakoka uku ndi uku, khoma la bokosi n'kumanjenjemera. Ku England amakaika chifukwa mchere wa m'misewu, wambiri wake wokumbidwa mumgodi wa ku Winsford, umayamwa chinyezi n'kugwirana. Mavuto ake amakhala awiri. Nthawi zina katundu amamanga denga pamwamba pa lamba, pansi pali mphako, lamba n'kumangozungulira wopanda kanthu. Nthawi zina amangotsika wa pakati, wa m'mbali n'kutsala atakanirira kukhoma. Mavuto awiri omwewa ndi amene laimu, manyowa, gaga ndi mchenga wa kudambo zimapereka kuno kwathu. Ndiye musagulitse. Kumeneko kankagwira ntchito miyezi yozizira yokha, inu kangakutumikireni pafupifupi chaka chonse.

Koma musanathiremo chilichonse chopita kumunda, tsukani. M'kalata yanu simunatchule zotsuka, ndipo ndikukayika ngati mudachita. Mchere umabisala m'makona, pansi pa lamba, m'mabawuti ndi kuseri kwa chitsulo chimene kamotako kakhalapo. Umadya chitsulo, umadya mawaya, ndipo m'munda sufunika ngakhale pang'ono. Funsani alimi a m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje kumene nthaka ili ndi mchere mmene mbewu zimapserera. Tsukani ndi madzi ambiri, siyani padzuwa, palani dzimbiri, pentani mkati kuti mukhale mosalala, ndipo pakani girizi pozungulira ponse. Yang'ananinso pamene kamotako kamangidwa. Mukapeza ming'alu yoyambira pa mabawuti, itanani wowotcherera asanakayatsenso munthu.

Tsopano za laimu. Mudaganiza bwino kumufuna, chifukwa laimu amachepetsa asidi m'nthaka, ndipo nthaka ya ku Bembeke n'njodziwika kuti ili ndi asidi wambiri, monganso madera ambiri a Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay. Muyeso wa asidi m'nthaka, wotchedwa pH, ukatsika pansi pa 5.5, feteleza amene mumathira mbali ina amangomangika m'nthaka, makamaka fosifolasi. Koma Disembala si mwezi wake. Laimu amafuna miyezi iwiri kapena itatu m'nthaka mbewu isanadzalidwe, ndiye nthawi yake ndi Ogasiti, Seputembala, mochedwa Okutobala, pamene laimuyo ali wouma, munda uli wouma, ndipo lole yolemera siingatitimire kapena kuumbitsa nthaka. Mu Disembala mudanyamula laimu amene adamwa kale chinyezi. Chaka cha 2015, mvula ya mu Januwale itasefukira, ndidafika pa esiteti ina kumene mulu wa laimu udagona panja osafunda. Eni ake adayesa kuupakira, adayesa kuugwedeza, ndipo pomaliza adachita kuukumba m'ngolo ndi makasu. Palibe mota amene akadautsitsa.

Mankhwala anga ndi amene ndimanena chaka ndi chaka mpaka alimi ena adatopa nane: umitsani, sefani, fundani. Yalani laimu padzuwa pa tenti kapena pa simenti. Ikani sefa wa waya pamwamba pa bokosi kuti zibuma, miyala ndi zidutswa za matumba zisalowe. Mukapakira, fundani ndi tenti, ndipo musagoneke katundu m'bokosi usiku. Mukachita zitatuzi, kamotako mudzakayatsa mwa apo ndi apo chabe. Mukazinyalanyaza, mudzakatentha.

Kayatsidwe kake ndi aka. Fikani m'munda, tsegulani chitseko, yambitsani lamba ndi mbale, kenaka mukaona kuti laimu wayamba kuchepa pa mbale, yatsani kwa masekondi 10 kapena 20 n'kuzimitsa. Tambiri mwa timamota timeneti sitinapangidwe kuti tizilira osapuma. Timatentha, ndipo timamaliza batire injini ikakhala yozima. Ngati swichi yake ndi yoyatsa n'kusiya, uzani amagetsi a galimoto akuikireni ya batani lofuna chala, loti mukachotsa chala yazima. Mnyamata woiwalaiwala sangakuonongereni mota ndi batani lotere.

Mlingo wa laimu musaupeke. Tengani dothi mukayezetse kumalo ofufuza za ulimi ku Chitedze kapena ku Bvumbwe, kapena ku bungwe lofufuza za fodya la ARET ngati ndinu a fodya. Kawirikawiri zotsatira zimagwera pa tani imodzi kapena awiri pa hekitala, ndiye kuti matumba 20 mpaka 40 a makilogalamu 50. Loleyo idakonzedwa kumwaza mchere wochepa kwambiri poyerekeza ndi mlingo umenewu, choncho muyenera kuiyesa nokha. Yalani tenti ya mamita 2 m'lifupi ndi 5 m'litali pamzere umene laimu akugwera, dutsani pa liwiro limene mudzayendere, sonkhanitsani amene wagwera pa tentiyo n'kumuika pa sikelo. Ngati mukufuna matani awiri pa hekitala, pa tentiyo payenera kupezeka makilogalamu awiri. Akachepa, kwezani chitseko kapena chepetsani liwiro. Dziwaninso kuti mbale yopangidwira mchere siponya kutali laimu wa ufa, ndiye mizere yanu iyandikane, ndipo mwazani m'mawa mphepo isanadzuke. Mphepo ya mu Ogasiti idzapereka laimu wanu kwa aneba. Anyamata avale zotchinga mphuno ndi maso.

Laimu akatha, ntchito ilipo. Manyowa a nkhuku ouma osakanizika ndi utuchi amatsika bwino akagwedezedwa pang'ono, ndipo kompositi wopsa, wosefedwa, nayenso amatero. Manyowa a m'khola la ng'ombe okhala ndi mapesi aatali musaikemo, amakulunga lamba. Nthawi ya dzinja loleyo inganyamule mchenga ndi fumbi la kwale zokonzera msewu wopita kumunda, pamene ngolo zimaterereka. Chinthu chimodzi ndikuletseni mwamphamvu: munthu asalowe m'bokosi kukatakasa katundu injini ikulira. Denga lija ndanena likagumuka, miyendo yake imapita pa lamba. Zimitsani, chotsani kiyi, takasani ndi mtengo muli kunja.

Funso lachiwiri ndi la mayi wina, mlembi wa kopaletivu ku Mchinji. Iwo akuti ali ndi lole yokhala ndi bokosi lotere ndipo akufuna kudziwa ngati angamwazire feteleza wosakaniza Urea, CAN ndi NPK nthawi imodzi "kuti ntchito ichepe", komanso ngati angatsitsire soya ndi mtedza wa mbewu.

Mayi, ndani adakuuzani zosakaniza Urea ndi CAN? Aliyense payekha amayamwa chinyezi, koma akakumana amayamwa koopsa, ndipo mudzapeza m'bokosi muli madzi a phala ngakhale tsiku lopanda mvula. Zimenezo si za kamota, ndi zotaya ndalama za mamembala. Musasakanizenso Urea ndi laimu. Nayitirojeni wina amathawira mumpweya. Ndipo nthawi zake n'zosiyana: NPK 23:10:5+6S+1.0Zn ndi wokulitsa, Urea ndi wobereketsa, pafupifupi masabata atatu pambuyo pa woyamba. Urea womwazidwa pamwamba pa nthaka osakwirira amatayanso mphamvu, makamaka kukatentha. Pa chimanga cha m'mizere cha mamembala anu, kapu ndi kubaya dzenje zikuposabe lole.

Pa munda waukulu wosalaza, wa msipu kapena wothirira, mungamwaze feteleza wa mtundu umodzi. Koma pamenepo gwedezani pang'ono kwambiri. Feteleza wosakanizidwa ku fakitale amakhala ndi timibulu tosiyana kukula, ndipo mukagwedeza nthawi yaitali tating'ono timatsikira pansi, tatikulu n'kukwera. Kumayambiriro kwa munda kumagwa china, kumapeto china, ndipo mbewu ikamera mudzaona mawangamawanga. Ndidaziona zimenezi chaka china pa munda wa tirigu, eni ake n'kumadandaula za mbewu pomwe vuto linali bokosi. Tsukani tsiku lomwelo, feteleza amadya chitsulo mofanana ndi mchere.

Soya ndi mtedza wa mbewu, ayi. Khungu la soya limang'aluka msanga ndipo kameredwe kamatsika. Mtedza wosweka umaitana chuku. Mbewu iyende m'matumba. Chimanga chogulitsa chouma bwino, cha chinyezi cha 13 peresenti kapena kutsika, chimatsika chokha osafuna thandizo. Chikakana kutsika ndiye kuti sichinaume kapena chadzaza zinyalala, ndipo chibwerere padzuwa ndi pa chopetera. Pamene kamotako kangakuthandizeni kwambiri ndi pa gaga, madeya ndi zakudya za ziweto zogayagaya, zimene zimamanga denga ngakhale zili zouma. Koma bokosi limene lidanyamulapo feteleza kapena manyowa a nkhuku lisalandire chakudya cha munthu kapena chiweto musanalitsuke mokwanira.

Wachitatu ndi mnyamata wa ku Lunzu amene ali ndi tipa yonyamula mchenga ndi manyowa. Akuti katundu amatsalira kutsogolo kwa bodi, ndiye amayenda n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi bodi ili m'mwamba kuti atsike. Akufunsa mtengo wa kamota ndi pomanga.

Achimwene, kuponda mabuleki bodi ili m'mwamba ndi kumene kumathyola mapini ndi kupinda chitsulo chokwezera, ndipo katundu akamatirira mbali imodzi tipa imagwa cham'mbali. Lekani lero lomwe. Za mtengo, kakang'ono ka bokosi lomwaza kamagulidwa madola 200 kapena 300 kunja. Ka tipa kamafunika kamphamvu kwambiri, ndiye konzani kawiri kapena katatu ka pamenepo, musanawerengere zonyamulira ndi msonkho. Musagule kakang'ono chifukwa chotchipa, pa bodi ya tipa sikamveka n'komwe. Onetsetsani magetsi ake: malole akuluakulu ambiri ndi a 24V, pomwe timamota tambiri totsatsidwa pa intaneti ndi ta 12V. Mukalumikiza molakwika kapsa musanatuluke pa geti.

Pa tipa kamakhala pansi pa bodi, chakutsogolo, pakati. Pa bokosi lopanikizika kunsi kamakhala pakhoma lopendekeka, chakumunsi kufupi ndi potulukira, osati pamwamba pamene palibe vuto. Musakamange pa chitsulo chopyapyala cha bodi mwachindunji, chidzang'ambika. Wowotcherera aike kaye chitsulo chochindikala chachitali, achiwotcherere modumphadumpha n'kusiya nsonga zake, kenaka kamotako kamangidwe pamenepo ndi mabawuti olimba. Ikani fyuzi pafupi ndi batire, ikani tcheni chokagwira kakamasuka, ndipo mangitsaninso mabawuti mukangokayesa koyamba, kenaka sabata ndi sabata. Yatsani bodi itakwera kale ndi chitseko chitatseguka, pamalo osalaza.

Koma musanataye madola amenewa, yesani izi mwezi umodzi: palani bodi ndi fosholo madzulo alionse, wazani mchenga wouma kapena utuchi pansi musanapakire manyowa, ndipo mchenga wa mumtsinje muusiye pamulu tsiku limodzi madzi atsike musanaunyamule. Katundu akapitirirabe kutsalira, ndilembereni mundiuze kutalika kwa bodi ndi matani amene mumanyamula, ndikuuzeni mphamvu ya kamota koyenera.