Kandalama kolembedwa ONE DIME kopezeka m'thumba la kaunjika

Achimwene, mwafunsa za kandalama kachitsulo kolembedwa ONE DIME komwe mwakapeza m'thumba la buluku la kaunjika pamsika wa Mangochi, ngati n'zoona kuti timakobidi totere timagulidwa mamiliyoni. Kameneko ndi ka ku America, masenti khumi, ndiye kuti khumi totere timakwana dola imodzi. Musanauze munthu wina aliyense, yang'anani chaka, kenako m'mphepete mwake.

Dime ya chaka cha 1964 kubwerera m'mbuyo ndi ya siliva: magawo 90 pa 100 ndi siliva, otsalawo ndi mkuwa, ndipo imalemera magalamu 2.5. Kuyambira 1965 anasiya siliva n'kuyamba kukuta mkuwa ndi chitsulo chosakaniza mkuwa ndi nickel, kulemera kwake n'kutsika kufika magalamu 2.27. Kaimikeni chammbali pa kuwala. Mukaona mzere wofiirira pakati pa timizere ta m'mphepete, ndi mkuwa umenewo, ndipo mtengo wake ndi masenti khumi omwewo basi. Ya siliva imakhala yotuwa mphepete yonse, ndipo mukaigwetsa pa tebulo imalira mokoma nthawi yayitaliko. Sikelo ya mpunga singaone kusiyana kwa magalamu kumeneku, pamafunika kasikelo ka batire kowerenga mpaka 0.01. Maginito sakuthandizani apa chifukwa mitundu yonse iwiri simamatirira.

Nkhope yomwe mukuiona mwina ndi ya Franklin Roosevelt, pulezidenti yemwe anamwalira mu 1945. Anamuika pa dime mu 1946 pokumbukira ntchito yake yolimbana ndi poliyo, ndipo anajambula ndi John Sinnock. Kuseri kuli muuni pakati pa nthambi ziwiri. Zimenezi zinapangidwa zochuluka kwambiri, moti ngakhale ya siliva, ikakhala yoperepeseka, wogula amangolipira siliva wake. Imodzi muli siliva wokwana magalamu 2.25, ndiye pamafunika 14 kuti mukwanitse aunsi imodzi ya magalamu 31.1. Onani mtengo wa aunsi ya siliva pa intaneti tsiku limenelo, mugawe ndi 14, mwapeza mtengo wa kandalama kanu. Ndi ndalama ya ndiwo, si yogulira boti.

Ngati pali mutu wa mkazi wovala chipewa cha mapiko, imeneyo ndi ya pakati pa 1916 ndi 1945. Amaitcha Mercury chifukwa anthu ankaifanizira ndi mulungu wa Aroma wa dzina limenelo, koma mkati mwake mulibe mekyule ngakhale dontho. Anthu oyendayenda m'midzi ndi nkhani yoti makobidi akale ali ndi mekyule wofiira amapezerapo mwayi pa dzinali. Wina akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama yoyezera, kapena mutumize ya thiransipoti ya bwana wogula, dziwani kuti wogula kulibe.

Zodula zenizeni zilipo, koma n'zochepa ndipo n'zodziwika. Ya 1916 yokhala ndi chilembo D, kutanthauza mzinda wa Denver komwe inapangidwa, anapanga 264,000 zokha. Chilembocho chimakhala kuseri, m'munsi pafupi ndi mawu oti ONE, ndipo akathyali amamatapo D wabodza pa ya 1916 wamba, choncho popanda katswiri wotsimikiza palibe angalipire. Ya 1894 ya chilembo S, San Francisco, anapanga 24 zokha. Imeneyo ndiyo ya mamiliyoni a madola, ndipo simudzaipeza m'belo. Pa ya Roosevelt yatsopano chilembo chili kutsogolo pamwamba pa chaka. Ya 1982 yopanda chilembo chilichonse inalakwika popanga, ndipo osunga makobidi amaifuna. Koma yopangidwa mu mzinda wa Philadelphia isanafike 1980 kupanda chilembo ndi mmene imakhalira, musadabwe nayo.

Chomwe chimawononga ambiri ndi kutsuka. Phulusa, mandimu ndi mchenga wa kunyanja n'zokwechera mapoto. Pa khobidi zimasiya tizipsera tosaoneka ndi maso, koma wogula akayang'ana ndi galasi amationa n'kutsitsa mtengo, chifukwa kuda kwa ukale ndiko amafuna. Gwirani m'mphepete mokha, kulungani m'kapepala kouma, musaike m'pulasitiki yofewa. Ndi kutentha ndi chinyontho cha kuno, pulasitiki yotero imasiya ndere yobiriwira pa chitsulo.

Ena m'gulu muno ali ndi 10c ya ku Joni yofiira ya duwa. Imeneyo ndi chitsulo chokutidwa ndi mkuwa, imamatirira maginito, ndipo ilibe phindu lina. Ya siliva ya kumeneko ndi ya 1961 mpaka 1964, ya nkhope ya Jan van Riebeeck, ndipo siliva wake ndi theka. Yathu ya 10 tambala ya 1971, ya Kamuzu ndi chimanga kuseri, inalowa m'malo mwa sheleni ndipo mulibe siliva.

Osintha ndalama nthawi zambiri salandira makobidi akunja, choncho musawononge thiransipoti. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, masana, popanda fulashi, muike pano tione chaka ndi chilembo.