Chingwe chikamaduka pa Mulunguzi, musathamangire kugula chokhuthala

Imelo ya bambo wina wa ku Zomba yandikhudza. Amawedza nsomba za trout mu mtsinje wa Mulunguzi, pamwamba pa phiri, ndipo akuti nsomba zikungowathawa ndi mbedza kukamwa. Funso lawo: agule chingwe cha mapaundi 15, chopirira kukoka kwa makilogalamu pafupifupi 7, kuti vutoli lithe?

Bambo, musagule. Trout za m'mitsinje ya m'mapiri, kaya ndi ku Zomba, ku Mulanje kapena ku Chelinda pa Nyika, zambiri sizifika kilogalamu imodzi. Nsomba yotere singadule nayiloni wabwinobwino wa makilogalamu awiri ndi mphamvu zake zokha. Chilipo chimene chinafooketsa chingwe chanu nsomba isanagwire n'komwe, ndipo mukagula chokhuthala mudzangochotsa vuto lina n'kubweretsa lalikulu. Chingwe cha mapaundi 15 chimakhuthala pafupifupi mamilimita 0.35. M'madzi oyera ngati a Mulunguzi trout imachiona, komanso chifukwa sichipindika mosavuta, nyambo siyenda momasuka ndi madzi. Imakokedwa chopingasa, nsomba n'kuzindikira kuti ichi si chakudya. Chingwe sichidzadukanso, inde, chifukwa palibe chidzagwire.

Choyamba n'kuyang'ana nsonga yotsalayo nthawi iliyonse chingwe chikaduka. Ikakhala yopotana ngati kamchira ka nkhumba, chingwe sichinaduke, mfundo yanu ndiyo inamasuka. Ikakhala yokhakhala mukaisisita ndi zala, ndiye kuti chinakhuzika pa mwala kapena pa muzu. Ikaduka mosalala pakatikati, kawirikawiri pamalopo panali kamfundo kodzimanga kokha poponya. Timfundo timeneti ambiri amatinyalanyaza chifukwa n'tating'ono, komatu kamodzi kokha kangathe kuchotsa pafupifupi theka la mphamvu ya chingwe. Mukakaona, khalani pansi, dulani, mumangenso.

Ndiye pali nkhani ya nayiloni wakale, ndipo pamenepa ndimakwiya nawo ogulitsa ena. Dzuwa limawononga nayiloni. Mpukutu umene wakhala pawindo la sitolo kapena pa benchi ya pamsika miyezi yambiri umaoneka bwino, koma mkati unatha kale. Musanalipire, tambasulani kachidutswa, mangani mfundo wamba pakati, mukoke ndi manja. Ukaduka mosavuta usiyeni, ngakhale mtengo utsike bwanji. Wanu wa kunyumba muzisunga m'kabati, osati m'galimoto motentha, ndipo nayiloni wa kumapeto muzisintha chaka ndi chaka. Twayini wa pa nyanja amene amawedzera kampango ndi wabwino pa ntchito yake, koma musakwere naye phiri.

Pa makulidwe, ma tippet, tizingwe toonda ta kumapeto tomangapo mbedza, amalembedwa ndi nambala ndi chilembo X, ndipo nambala ikamakwera chingwe chimaonda. 3X ndi pafupifupi mamilimita 0.20, 4X ndi 0.18, 5X ndi 0.15, 6X ndi 0.13. Mphamvu imasiyanako malinga ndi kampani, koma 4X imapirira makilogalamu pakati pa 2.5 ndi 3, pomwe 5X imapirira awiri kapena kuposerapo pang'ono. Njira yachidule yosankhira ndi kugawa nambala ya mbedza ndi 3: mbedza ya 12 ifuna 4X, ya 16 ifuna 5X. Pa mtsinje waung'ono wa mitengo yambiri m'mbali, leader (nayiloni wolumikiza chingwe chachikulu ndi tippet) ya mamita 2.3 ndi yokwanira, kenaka muwonjezere tippet ya masentimita 60 mpaka 90. Ine ndimati yambani ndi 4X. Mutsike ku 5X pokhapokha madzi akaphwera n'kuyera kwambiri, cha mu Seputembala ndi Okutobala, nsomba zikamabwera pa nyambo n'kubwerera osagwira.

Nanga fluorocarbon, mtundu wina wa chingwe chowedzera? Simwa madzi, dzuwa siliwononga msanga, imapirira kukhuzika pa miyala kuposa nayiloni, ndipo imamira. Choncho ndi yoyenera nyambo zoyenda pansi pa madzi. Pa nyambo yoyandama gwiritsani nayiloni, chifukwa fluorocarbon imaikokera pansi. Ndi yodula, komanso siola. Kachidutswa kamene mwataya m'mbali mwa mtsinje kadzakhala pomwepo zaka zochuluka, kakukola mbalame miyendo. Zodula zonse muziika m'thumba. Sindinyengerera pa mfundo iyi: munthu wosiya zingwe m'mphepete mwa madzi sasiyana kwenikweni ndi wothira katupe m'dziwe, onse akuwononga malo amene mawa adzawafunanso. Ndipo tisaiwale kuti trout si yakwathu kuno. Ya mtundu wa rainbow kwawo n'kumadzulo kwa North America, inabwera nthawi ya atsamunda, ndipo imakhala m'mapiri okha chifukwa imafuna madzi ozizira, a madigiri 10 mpaka 16. Akapitirira 20 imavutika kupuma. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikadulidwa, mthunzi umachoka, madzi amafunda, dothi limakwirira timiyala tomwe imaikirapo mazira. Pamenepo za zingwe tidzakambirana ndi ndani?

Mfundo ziwiri zokha

Yomangira mbedza: lowetsani chingwe pa kabowo ka mbedza, zungulizani nsonga kasanu pa chingwe chachikulu, kasanu ndi kamodzi ngati ndi 5X kapena fluorocarbon. Bwezani nsonga pa kampata koyamba pafupi ndi kabowo, kenaka muilowetse mu mpata waukulu umene wangopangika. Nyowetsani ndi malovu, mukoke pang'onopang'ono mpaka zozungulira zonse zitagundana bwino, zosakwerana. Mfundo youma imatentha pokoka ndipo chingwe chimapsa pomwepo. Dulani nsonga kusiya mamilimita awiri, ndipo muyese ndi dzanja musanaponye.

Yolumikizira tippet ku leader: gundanizani zingwe ziwirizo motalika masentimita 15, pindani zonse pamodzi ngati mukumanga mfundo wamba, mulowetse kawiri, katatu ngati mukulumikiza nayiloni ndi fluorocarbon. Nyowetsani, mukoke nsonga zinayi zonse nthawi imodzi. Musalumikize zingwe zosiyana kuposa manambala awiri. 3X ndi 5X zimagwirana, 2X ndi 6X yokhuthala imadula inzake.

Zotsalazo zili m'manja mwanu. Trout imayang'ana komwe madzi akuchokera, ndiye yendani chokwera mtsinje, muzibwera kumbuyo kwake, mowerama, mthunzi wanu usagwere pa dziwe. Ponyani pamwamba pa mwala kapena pomwe madzi othamanga akukumana ndi odekha, muzikoka chingwe chotsala pa liwiro lomwe madzi akuchibweretsera. Ikagwira, ingokwezani ndodo, musatsomphole ngati mwakola mlamba. Zingwe zambiri zimadukira pa kutsomphola kumeneku. Ndodo ikhale yopindika, chifukwa kupindikako ndiko kumateteza tippet. Mukailozetsa kwa nsomba, kulemera konse kumapita pa mfundo. Reel, chokulungira chingwe cha pa ndodo, ikhale yomasuka moti nsomba ikathamanga chingwe chizituluka. Ikalunjika ku mizu, pendeketsani ndodo cham'mbali muitembenuze mutu. Ikadumpha, tsitsani nsonga ya ndodo pang'ono. Mukaigwira kapena mukakodwa pa mwala, sisitani theka la mita lakumapeto ndi zala, ndipo pakakhala pokhakhala mumangenso.

Musanapite, funsani kwa oyang'anira nkhalango kapena paki za chilolezo, miyezi yololedwa ndi nyambo zololedwa, chifukwa madzi ena a trout salola nyongolotsi. Mundilemberenso kuti nsonga zanu zodukazo zikuoneka bwanji.