Za bizinesi ya sola ndi ndondomeko za boma: yankho kwa achemwali a ku Bangwe

Achemwali a ku Bangwe, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mukuti munamaliza maphunziro a zamagetsi, muli ndi kampamba kochokera ku banki m'khonde, ndipo mukufuna kudziwa ngati boma lili ndi ndondomeko yothandiza munthu wofuna kuyamba bizinesi ya sola, kapena zimangothera pa wailesi. Ena m'gulu muno akuyankhani kale kuti kulibe chilichonse. Ineyo ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza sola kuno ku Limbe, ndipo sindikugwirizana nawo. Ndondomeko zilipo ndithu, ndipo zina mwa izo ndi zimene zakulitsa msika womwe mukufuna kulowawu. Chimene kulibe ndi ofesi yoti mupiteko ndi setifiketi yanu n'kubwerako ndi ndalama zoyambira. Ndalama za ndondomekozi zimalowera ku makampani akuluakulu, ndipo ife ang'onoang'ono zimatipeza kudzera mu ntchito imene makampaniwo ndi makasitomala awo amasowa woigwira. Mukamvetsa zimenezi simutaya miyezi mukulemba makalata opempha thandizo.

Boma linatembenukira ku dzuwa chifukwa linapanikizika. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi akatsika m'nyanja, kapena matope ndi namasupuni zikatseka polowera madzi, dziko lonse limakhala mu mdima. Mukukumbukira mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anagumula ku Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuno ku Blantyre tinatha chaka ndi miyezi tikukhalira kuyang'ana ndandanda wa kuthima kwa magetsi. Mwayi wake lamulo la zamagetsi linali litasinthidwa kale mu 2016. Kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, ESCOM n'kutsala ndi yowanyamula ndi kuwagawa, ndipo khomo linatseguka loti makampani omwe si aboma azipanga magetsi n'kumagulitsa. Ndi mmene kunabwerera munda wa mapanelo wa kampani ya JCM ku Salima, wa mamegawati 60, mu 2021, kenako wa ku Golomoti wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira magetsi, ndi wina ku Nkhotakota. Pafupi nafe pompano pali chikonzero cha Mpatamanga chopanga magetsi ndi madzi, pa Shire pakati pa Blantyre ndi Neno, cha mamegawati opitirira 350. Mukamva pa wailesi kuti msika wa mphamvu zamagetsi watseguka, kawirikawiri amakhala akunena zimenezi. Ndi bizinesi za mamiliyoni a madola, si zathu.

Yokukhudzani inuyo ndi thumba la Ngwee Ngwee Ngwee. Linabwera pansi pa pulojekiti ya Malawi Electricity Access Project, yomwe World Bank inaikamo madola 150 miliyoni mu 2019. Kalembera wa 2018 anali atangoonetsa kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo zinali zoonekeratu kuti mapolo a ESCOM sangafike mudzi uliwonse msanga. Ndiye anapatula madola 20 miliyoni kuti apite ku makampani ogulitsa sola ya pakhomo, monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE, cholinga chili kufikira mabanja 200,000. Gawo lina linali ngongole yoti kampani iitanitsire katundu, gawo lina linali ndalama zimene kampani imalandira pokhapokha zikatsimikizika kuti sola yaikidwadi pakhomo la munthu ndipo ikuyaka. Gawo lachiwirili ndi limene limatsitsa mtengo kwa wogula.

Onani mmene malondawa amayendera. Kasitomala amapereka kandalama koyamba, amatenga kapanelo, kabatire, mababu angapo ndi potchajira foni, ena ndi wailesi kapena TV yomwe. Zotsalazo amalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba. Akasiya kulipira, chipangizocho chimadzitseka chokha mpaka atalipira. Kampani imadikira chaka kapena kupitirira kuti ndalama zake zibwerere, n'chifukwa chake imafunika mpamba waukulu ndipo n'chifukwa chake thumba lija silinapangidwire munthu mmodzi. Koma kampani yoteroyo singagulitse kanthu popanda anthu oyenda m'midzi, kupeza makasitomala, kuika zipangizo, kutsatira amene atsalira pa malipiro ndi kukonza zikavuta. Amenewa ndi ma ejenti ndi amisiri, ndipo amalipidwa pa komishoni. Inu amene mukudziwa kale kugwira waya muli patsogolo pa anzanu amene amangodziwa kutsatsa. Lunzu, Lirangwe, Mdeka, Chileka, Madziabango, konseku ndi boma la Blantyre lomweli, ndipo nyumba zambiri kumeneko zikuunikirabe tochi. Ine ndikanakhala inu ndikanagwira ntchito imeneyi kwa kanthawi, ngakhale komishoni yake si yochuluka. Mumaphunziramo kuzindikira kasitomala wolipira ndi wongolankhula, ndipo mumaphunzira zimenezi pa katundu wa eni ake, kampamba kanu kali phee.

Musaiwalenso mbali ya ESCOM. Pulojekiti yomweyi inalumikiza nyumba zambiri ku magetsi a pa polo, ndipo MAREP, ndondomeko yakale yopititsa magetsi kumidzi imene timaisonkhera tonse pa mtengo wa mafuta a galimoto, ikupitirizabe kufikira malo a malonda. Paliponse pamene thiransifoma yafika pamakhala nyumba, magolosale ndi zigayo zofunika kuikidwa mawaya, ndipo mita siikidwa pa nyumba imene mawaya ake sanayendetsedwe ndi munthu wovomerezeka. Musadzitsekere ku sola yokha. Ntchito ziwirizi zimadyetsana.

Apa ndiye tafika pa mapepala. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndilo limapereka chilolezo kwa amisiri oika magetsi, komanso laisensi kwa oitanitsa, ogulitsa, oika ndi okonza zipangizo za sola. Ambiri mu tauni muno amagwira ntchito popanda pepala lililonse ndipo amadya ndithu. Koma sukulu, chipatala, mpingo kapena bungwe likafuna kuika sola, funso loyamba limakhala la laisensi, kulembetsa kwa bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Wopanda zimenezi amangokhala waganyu wa mwini mapepala, amene amatenga gawo lalikulu osakwera ndi padenga pomwe. Ndalama zoyamba za mpamba wanu zipite pamenepa. Pali bungwe la ochita malonda a mtunduwu lotchedwa REIAMA, ndipo kudziwana nalo kumathandiza kumva za maphunziro ndi ntchito zikamatuluka.

Za msonkho anthu amazisokoneza kwambiri. N'zoona kuti boma linachotsa msonkho wolowetsera zipangizo zambiri za sola, ndipo mu bajeti ya 2019/2020 linachotsanso VAT pa mapanelo, mabatire a sola, ma invata (zipangizo zosintha magetsi a m'batire kuti akhale ngati a ESCOM), mababu osatha magetsi ndi gasi wophikira. Imeneyi inali mfundo yabwino, ndipo ndi imodzi mwa zimene zinachititsa kuti mapanelo aoneke pa madenga a anthu wamba. Komabe zinthu ziwiri. Choyamba, si chilichonse chopita pa ntchito ya sola chimene chili pa mndandanda umenewo, ndipo bajeti imasintha chaka ndi chaka, ndiye musanaitanitse kanthu funsani ku Msonkho House, likulu la MRA, kuti katundu wanuyo ali m'gulu liti. Chachiwiri ndi chachikulu. Chimene boma linatipatsa pa msonkho, kugwa kwa kwacha kunachilanda. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Panelo, batire, invata, zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, zomwe ku banki wamalonda wamng'ono sazipeza mosavuta. Amene anagulitsa katundu pa ngongole miyezi imeneyo anatolera ndalama zake zonse, koma atabwerera kokapikula anapeza kuti sizikukwana kugula katundu yemwe anagulitsayo. N'chifukwa chake ndikukuletsani mwamphamvu kuyamba ndi kuitanitsa kapena kudzaza shopu. Ngongole ya ku thumba la boma kapena ya ku banki mukaiika mu katundu wodikira wogula, chiwongoladzanja chimathamanga, katundu ali pa shelefu.

Pamene ndikuona mpata weniweni ndi pa kukonza, ndipo apa ndikhalitsepo pang'ono. M'zaka zapitazi sola zaikidwa zambirimbiri, m'ma lokeshoni ndi m'midzi, ndipo zochuluka sizikugwira ntchito mmene eni ake ankayembekezera. Mukapita kukaona mupeza mavuto omwewomwewo. Panelo laling'ono alilumikiza ku batire lalikulu, batirelo silidzadza ndipo limafa chaka chisanathe. Ena aikapo batire la galimoto, limene silinapangidwire kukhuthulidwa usiku uliwonse. Batire la asidi silifunika kutsika kupitirira theka, koma palibe amene anamuuza mwini nyumba, ndiye amaonera TV mpaka izime yokha. Waya woonda pa mtunda wautali amadya mphamvu panjira. Panelo lina layang'ana kumene denga layang'ana, pamene kuno kwathu liyenera kupendekera kumpoto. Lina laphimbidwa ndi fumbi la mwezi wa Okutobala kapena mthunzi wa mtengo wa mango. Ndipo amene amawerengetsera sola potengera dzuwa la ku Chikwawa amaiwala kuti kuno kuli chiperoni, mu Juni ndi Julayi dzuwa limatha kubisala masiku angapo otsatizana, ndiye posankha kukula kwa panelo ndi batire pamafunika kusiyako mpata wa masiku amenewo.

Munthu amene wamukonzera sola imene anaitaya kale mtima sakuiwalani. Amauza abale ake, amauza a kumpingo, ndipo tsiku limene adzafune kukulitsa kapena kusintha mabatire kupita ku a lithium adzaimbira inu. Pa ntchito imeneyi simufunika shopu. Mufunika mita yabwino yoyezera, zida za m'manja, makwerero, ndi chizolowezi cholemba pa pepala zimene nyumbayo imayatsa ndi maola ake musanatchule mtengo. Katundu kasitomala azilipira yekha, inu mupite naye kapena mumugulire tsiku lomwelo ndi risiti.

Pokhudza kugula, samalani ndi katundu wachinyengo. Mu tauni muno muli mapanelo olembedwa mawati ambiri kumbuyo koma mukawayeza masana dzuwa lili pamutu amatulutsa ochepa kwambiri, ndi mabatire opepuka modabwitsa poyerekeza ndi zimene alemba. Pamenepa ndiye pamandipweteka mtima, chifukwa amene amapusitsidwa ndi mayi amene anagulitsa mbuzi kuti ana ake aziwerenga usiku, ndipo zikamukanika amauza mudzi wonse kuti sola ndi bodza. Miyezo ya katunduyu ilipo, likulu la MBS, bungwe loona za miyezo, lili mu Blantyre momwemuno, ndipo ine ndikanakonda kuona kuyendera m'mashopu kukuchitika pafupipafupi, ndi zolandidwa zikulengezedwa poyera. Kuchotsa msonkho kumathandiza wogulitsa zabwino ndi wogulitsa zoola mofanana, choncho popanda kuyendera kumeneku woona mtima ndi amene amagonja pa mtengo.

Mukakhazikika, yang'anani makasitomala amene sola imawabweretsera ndalama: wometa tsitsi, wotchajitsa mafoni, wogulitsa zoziziritsa mu firiji, woweta nkhuku, mlimi wa tomato wofuna pampu yothirira m'dimba. Amenewa amalipira bwino kuposa wofuna kuunika kokha, chifukwa chipangizocho chimadzilipira chokha. Ngakhale timagetsi ta m'midzi todziimira patokha, monga ta MEGA ku Bondo m'boma la Mulanje tochokera ku madzi a m'phiri, kapena ta dzuwa ta ku Sitolo ku Mchinji, timayenda bwino pakakhala zigayo ndi mashopu ogula magetsi masana. Mababu okha sabweretsa ndalama zokwanira kusamalira makina.

Wina mu ndemanga watchula za makala, ndipo wanena zoona kuti nawonso ndi msika. Boma lili ndi ndondomeko ya za makala ya 2017 mpaka 2027, lamulo la zankhalango analikhwimitsa, ndipo mbaula za Chitetezo zafalikira kwambiri. Amene anaona zimene zinachitika ku Chilobwe ndi ku Manja m'munsi mwa phiri la Soche pa nthawi ya Freddy mu 2023 safunika kuuzidwa kufunika kwa mitengo. Koma imeneyo ndi bizinesi ina, yofuna luso lina, ndipo inu luso lanu ndi la magetsi.

Chimene ndimaona kuti chikusowa pa ndondomeko zonsezi ndi gawo la mmisiri wamng'ono. Pali ndalama za opanga mamegawati, pali ndalama za makampani ogulitsa m'midzi, koma wachinyamata wochokera ku Soche Technical College kapena ku MUBAS amayamba yekha, ngakhale kuti sola iliyonse imene thumba lija linathandiza kugulitsa idzafuna womusinthira batire m'zaka zikubwerazi. Thumba laling'ono la zida ndi laisensi kwa omaliza maphunziro likanasintha zambiri, makamaka kwa atsikana, amene pa ntchito yathuyi ndi owerengeka.

Ndiye kampamba kanuko kagaweni chonchi: mapepala kaye, kenako zida, ndipo kotsalako kasungeni ka thiransipoti ndi mayunitsi a foni a miyezi yoyambirira, chifukwa ntchito zoyamba zimabwera motalikirana. Funsani ku makampani a sola ya pakhomo ngati akufuna ejenti kapena mmisiri ku dera limene mungathe kufikako pa minibasi kapena kabaza. Ndipo mukapeza nyumba yoyamba yofuna kukonzedwa, jambulani chizindikiro cha kumbuyo kwa panelo ndi cha pa batire, mulembe zimene amayatsa, muziike m'gulu muno tiwerengetsere limodzi musanapereke mtengo.