Za mawu achizungu mwafunsa aja achemwali

Achemwali mwati mwana wanu wa Form 4 akusokonezeka ndi isolation, quarantine, seclusion, solitude, segregation ndi separation poti mudikishonale onse akungooneka ngati kukhala pawekha, nde mumuthandize bwanji mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, asanafike. Ine kuona kwanga musamulowezetse matanthauzo ayi, pofika Novembala adzakhala ataiwala. Pa liwu lililonse azingodzifunsa kuti munthuyu wamupatula ndani, wadzipatula yekha kapena achita kumupatula, nanga chifukwa chake nchani. Mawuwa amasiyana pamenepo basi.

Muyambe ndi za korona poti anaziona ndi maso ake. Lockdown yathu kuno inayamba pa 30 Malichi 2020, ndipo amene amuyeza nkumupeza nako kachilombo, monga aja ankawatengera ku chipatala cha Wilkins ku Harare, ameneyo ali mu isolation, wadwala kale ndiye akumupatula kuti asapatsire ena. Koma abale athu aja ankabwera kuchokera ku Joni kudzera pa Beitbridge nkuwasunga m'masukulu ndi m'makoleji asanapite kunyumba anali mu quarantine, sanadwale ayi koma akuwadikirira kaye kuti aone ngati sanatenge. Liwuli linachokera ku Chitaliyana, quaranta ndi 40, chifukwa ku Venice kalekale sitima zapamadzi zinkaima masiku 40 anthu osatsika poopa mliri. Ana zoterezi amazikonda, mumuuze sadzaiwala. Isolation imagwiranso pa zinthu zina osati matenda okha, mudzi wakutali wopanda msewu amati isolated village.

Seclusion ndiye musavutike nayo, ife tili nayo kwathu komwe. Mayi akachira amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, namwali amamulowetsa m'tsimba anamkungwi nkumamulanga, palibe wadwala palibe walakwa, kungoti munthu wabisika kumaso kwa anthu kwa kanthawi ndipo zimakhala zaulemu. Pamayeso kawirikawiri limabwera ngati secluded, akamanena malo obisika achete, nyumba ili kuseri kwa mitengo yoti odutsa mumsewu sangaione.

Pamene ana ambiri amagwa mpa solitude ndi loneliness. Solitude wafuna wekha ndipo mtima uli m'malo, ngati agogo aamuna atakhala pakhonde madzulo ndi kawayilesi kawo osafuna adzukulu kuwasokosa. Loneliness ndi kusungulumwa kuja kumawawa, ndipo sikudalira kuti pali anthu kapena palibe, munthu wangotsika basi kuchokera ku Blantyre atha kusungulumwa pakati pa Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare, anthu ali pikitipikiti, onse akuyankhula Chishona iye osamvako nchimodzi chomwe. Mwana akalemba mu kompozishoni kuti "I enjoyed the loneliness" wochonga mayeso amadula mzere wofiira pompo.

Tsopano segregation, apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi mbiri yathu yomwe. Segregation ndi kupatula gulu lonse la anthu mwalamulo kapena mwadongosolo, kawirikawiri potengera khungu. Land Apportionment Act ya 1930 inagawa dziko lino kuti uku nkwa azungu uku nkwa anthu akuda, ndipo mu Salisbury muno, yomwe lero ndi Harare, akuda malo awo anali ku Harari, yomwe lero timati Mbare, kenako Highfield. Mahositelo aja a ku Matapi ku Mbare komweko anamangira amuna okhaokha ogwira ntchito m'tauni, akazi ndi ana kulibe malo. Azigogo athu ochokera ku Nyasaland amene anabwera kudzagwira m'mafamu ndi m'migodi anakhalamo m'zimenezi, akazi awo atatsala ku Dedza kaya ku Mangochi, ena osabwereranso mpaka kumudzi nkumawatchula kuti matchona. Kusiyana kwa bambo ndi banja lake kumeneko ndiye separation. Liwu limeneli lokha lilibe mlandu, limangonena kuti zimene zinali pamodzi zasiyana, ngakhale kupatula mankhusu ku chimanga ndi separation yomweyo. Pa nkhani za banja lokha samalani, akati they are separated ndiye kuti akukhala kosiyana koma ukwati sunathe kukhoti, ukatha ndiye divorced.

Pali lina simunalifunse koma ife a mu gulu lino timalidziwa bwino kuposa aphunzitsi, alien. Linalembedwa pa zitupa za makolo athu ambiri ngakhale anabadwira konkuno, ndipo lamulo la unzika litasintha mu 2001 ambiri anapezeka kuti sangavote, mpaka Constitution ya 2013 inanena kuti amene anali atabadwira kale mu Zimbabwe nkumakhala konkuno, kholo lake lili la dziko la mu SADC, bungwe la maiko a kumwera kwa Africa, ndi nzika. Alienated ndi la tsinde limodzi ndi alien, munthu uli pakati pa anzako koma akukuonetsa kuti siiwe wa pano. Mwana wanu akamva nkhani ya chitupa cha agogo ake liwu limenelo sadzalifunsanso. Loyandikana nalo ndi ostracised, kusalidwa, anthu kuchita kupangana kuti uyu tisamamuyankhule, ku Athens ankalemba dzina la munthu pa phale nkumuthamangitsa mumzinda zaka 10.

Solitary confinement ndi zakundende, mkaidi kumutsekera yekha m'kachipinda ngati chilango, asazisokoneze ndi solitude chifukwa choti zayamba mofanana.

Chomaliza achemwali, ayang'anitsitse sipelo ya separate, pakati pali a osati e, ana ambiri amalemba seperate nkutaya malikisi zaulere. Komanso pambuyo pake pamabwera from, separated from, isolated from, osati with monga timayankhulira mu kombi. Muzimupatsa liwu limodzi madzulo aliwonse alembe ziganizo ziwiri, mujambule muponye muno timuchongere.